Penti Pamwamba pa Silikoni: Mkangano wa Wopenta ndi Womata

Mwezi wa Okutobala ukafika, m'mahadiweya simupitika. Wina akuthamangira kutseka denga mvula isanagwe, landilodi akukonzetsa nyumba imene anthu asamukamo kuti alowetsemo ena, wina akungofuna kuti Khirisimasi imupeze khoma likuwala. Mkangano wa amisiri awiri ogwira ntchito nyumba imodzi umabuka nyengo yomweyi. Wopenta amafika ndi zidebe zake n'kupeza kuti amene anamutsogolera, kaya ndi pulambala kaya woika mawindo, wadutsa kale ndi silikoni m'mphepete mwa felemu, pamwamba pa matailosi, mwinanso mu mng'alu wa khoma la pabalaza. Amaviika bulashi n'kudutsitsa. Pa pulasitala penti amagwira bwinobwino, koma akafika pa kamzere ka silikoni kaja amathawa n'kuunjikana timadonthomadontho, ngati madzi m'mbale imene mwadyeramo nyama yonona. Akabwereza kawiri katatu pamabisika ndithu, bwana n'kulipira. Pakatha sabata mwana amakandapo ndi chikhadabo, penti n'kusupuka kamzere konse.

"Achimwene, mwandiwonongera ntchito," amatero wopenta. "Zinthu zanuzi muzimata kubafa konko."

"Nanga inu bambo mukupentapo bwanji? Anakuuzani ndani kuti silikoni amapakidwa penti? Madzi akalowa adzaitana ine, osati inu."

Ine pa mkanganowu ndimaima pafupi ndi wopenta kuposa mmene eni nyumba ambiri amaimira, koma sindimuperekeza mpaka kubafa, ndipo padenga sindikwera naye n'komwe.

Machubu a pa shelefu amaoneka ofanana onse. Kutalika n'kumodzi, ambiri ndi a mamililita 280 mpaka 310, ndipo amalowa m'mfuti imodzi yomweyo. Zam'kati ndiye n'zosiyana kutalitali. Silikoni weniweni gwero lake ndi mchenga. Katswiri wa ku England, Frederic Kipping, anathera zaka zambiri ku Nottingham akufufuza mankhwala a mtundu umenewu kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo kampani ya Dow Corning, imene inakhazikitsidwa ku America mu 1943, ndi imene inayamba kuwapanga ochuluka. Chimene chinam'tchukitsa silikoni ndi chomwecho chimene chimam'liza wopenta: akauma, khungu lake silifuna kugwirana ndi madzi, mafuta, ngakhale silikoni mnzake. Kuti penti agwire amayenera ayambe wayala n'kunyowetsa malowo, ndipo pa silikoni sayala. Kukwecha ndi sandipepala sikuthandiza, chifukwa pansi pa khungu limene mwakwechalo pali silikoni yemweyo. Chubu china, chimene palembedwa kuti acrylic, ndi m'bale wake wa penti wamadzi. Zomatira zake n'za banja limodzi, chimauma madzi akamauluka, ndipo penti akafikapo amakhala wafika kwawo.

Openta amayamba ndi kuwerenga mipata ya m'nyumba. Zungulirani nokha chipinda chilichonse, amatero, muone kuti ndi mipata ingati imene imakumana ndi madzi. Pali mpata wa pakati pa khoma ndi thabwa la m'munsi, pali m'mphepete mwa siling'i, pali pamene felemu ya chitseko yakumana ndi pulasitala, pali kuseri kwa kabati yomangirira kukhoma, pali pamene wamagetsi anaboola kuti adutsitse paipi. Malo onsewa ndi ouma chaka chonse. Mdani wake si madzi koma diso la mlendo, mphemvu ndi fumbi. Ndiye mumatirepo chiyani chinthu chimene sichingabisike? Silikoni woyera pa khoma la kirimu amaonekera kuchokera pakhomo. Wosaoneka mtundu uja, amene ambiri amagula poganiza kuti adzagwirizana ndi penti aliyense, amangoonetsa mdima wa mpata umene uli kuseri kwake. Kenako fumbi la mu Seputembala limamatirira, kamzere kamada, ndipo simungakayeretse ndi bulashi monga mumachitira ndi khoma lonse.

Mfundo yawo yachiwiri ndi imene imandikoka kwambiri, chifukwa ikukhudza zaka zakutsogolo. Silikoni amakhalitsa kuposa penti. Nyumba ya lendi ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Zolozolo imapentedwa nthawi zambiri munthu akasamuka, ndipo pa kupenta kulikonse vuto la kamzere kaja limabwerera lilipobe. Kuchotsa si ntchito ya mphindi zisanu. Mumadula ndi lumo mbali zonse ziwiri, mumakoka, mumapala zotsalira, mumapukuta ndi sipiriti, koma pa pulasitala wokhakhala pamatsalabe kamafuta kosaoneka ndi maso. Choipitsitsa ndi chala cha womata. Akasalaza kamzere kake amapukutira chalacho pakhoma pomwepo, mwina pa chitseko, ndipo tsiku lopenta pamatuluka timaso tozungulira pamene penti wathawa, patali ndi mpata umene ankamata. Wopenta sangadziwe pamene pali timabala timeneti mpaka penti atapaulula. Acrylic alibe zonsezi. Akakhala wamuwisi amachoka ndi kansanza konyowa, m'manja mumasamba ndi madzi wamba, mtengo wake nthawi zambiri ndi wotsikirapo, ndipo wodzapenta zaka zikubwerazo sadzadziwa n'komwe kuti panamatidwa.

Openta achikulire amawonjezera umboni wa mawindo achitsulo amene ali m'nyumba zambiri za kuno. Galasi la m'mawindo amenewa limagwidwa ndi pate, phala lija la choko ndi mafuta a linseed limene mmisiri amafewetsa m'manja n'kukanikiza ndi mpeni. Pate wosapenta sakhalitsa. Dzuwa limamuumitsa mafuta, amang'ambika tizidutswa, ana amamutokosola, mbalame zimamujompha, mpaka galasi limayamba kulira mphepo ikawomba. Wopentedwa bwino amatha zaka zambiri. Mumamudikira kuti achite khungu lolimba, zimene zimatenga sabata kapena kuposerapo malinga ndi zolembedwa pa chitini, kenako mumapaka penti wamafuta, ndipo bulashi imayenera kukwera pagalasi pang'ono, mamilimita awiri okha, kuti madzi otsetsereka pagalasi asapeze polowera kuseri kwa pate. Kwa munthu amene anakulira pa ntchito imeneyi, penti si zokongoletsera chabe. Ndi chovala chimene chimateteza chomatira, ndipo chomatira chokana penti amachiona ngati chosamalizika.

Apa ndi pamene a mbali inayo amatsegula pakamwa, ndipo poyambira pawo ndi madzi. Tengani acrylic uja mummate pamene beseni la shawa lakumana ndi matailosi, kapena kuzungulira sinki ya kukhitchini. Miyezi yoyamba palibe chodandaula. Koma malo amene madzi amaima tsiku ndi tsiku amamufewetsa, amayamba kumatuka m'mphepete, nkhungu yakuda imamera, ndipo madzi amapeza njira kuseri kwa matailosi. Mwini nyumba amadzadabwa penti akutupa matuza kuchipinda chogona, kuseri kwa khoma la bafa, n'kuyamba kukalipira wopenta, pamene vuto linayambira pa kamzere ka mamilimita asanu mbali inayo. Kukhitchini ndiye thabwa la kabati lija lopangidwa ndi utuchi woumbidwa limafufuma osabwereranso. Silikoni wa kubafa, amene palembedwa kuti sanitary, amakana madzi ndipo amaikamo mankhwala oletsa nkhungu. Pa matailosi onyezimira, pa galasi ndi pa sinki palibe chopenta, choncho kukana penti kwake sikulakwira aliyense. Pamenepa openta anzeru satsutsa.

Amatsutsana pa nkhani ya kusuntha. Nyumba imaoneka yoima chilili, koma zipangizo zake zimatalika kukatentha n'kubwerera kukazizira, ndipo chilichonse chimatero pa mlingo wakewake. Chitsulo chimatalika pafupifupi mamilimita 0.012 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Zikuoneka zochepa, koma lata la mamita 6 limene linali lozizira m'bandakucha n'kutenthedwa ndi madigiri 40 owonjezera masana a mu Okutobala limatalika pafupifupi mamilimita 3, madzulo n'kubwerera, mawa chimodzimodzi. Kuthetheka kumene mumamva padenga dzuwa likaswa mtengo ndi kumeneko. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene mpweya wokha umadutsa madigiri 40, lata limavutika koposa. Aluminiyamu, amene watchuka pa mawindo otsetsereka a nyumba zatsopano ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amasuntha pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndipo mapaipi a pulasitiki amaposa pamenepo. Matabwa nawo amasuntha ndi chinyezi. Paini wa ku Chikangawa akagulidwa asanaumitsitse n'kukhomedwa ngati felemu, amadzanyala m'chilimwe n'kusiya mpata umene panalibe tsiku lokhoma, dzinja n'kufufumanso.

Opanga zomatira amayeza zimenezi, ndipo pa machubu ena amalembapo. Muyezo wa ISO 11600 umagawa zomatira m'magulu monga 25, 20, 12.5 ndi 7.5. Nambalayo ikutanthauza kuchuluka kwa kusuntha kumene chomatira chingapirire poyerekeza ndi kukula kwa mpata. Cha gulu la 25 mu mpata wa mamilimita 10 chingalole mpatawo kusuntha ndi mamilimita 2.5 osang'ambika, pamene cha gulu la 7.5 chimalekera pa mamilimita 0.75. Masilikoni abwino amakhala m'magulu apamwamba, ndipo acrylic wamba amakhala m'munsi. Acrylic amanyalanso pouma popeza madzi amene anali m'kati amauluka, moti kamzere kamene kanadzaza bwino Lolemba kamapezeka kalowa m'kati Lachitatu.

Openta ali ndi yankho, ndipo si lopanda nzeru. Lata la mamita 6 ndi nkhani ya padenga, amatero, koma felemu yachitsulo ya windo la mita imodzi ndi theka, yomangiriridwa m'njerwa zimene nazonso zimatalika pang'ono, kusiyana kwake sikufika ngakhale theka la milimita. Bwanji kuopseza mwini nyumba ndi masamu a padenga pa mpata wa chipinda chogona? Apa masamu ali kumbali ya openta. Pa felemu yachitsulo, mbali ya m'kati mwa nyumba, acrylic amakwanira.

Koma a silikoni ali ndi mfundo imodzi imene openta sakonda kuimva, ndipo ndi imene imandiletsa kupita nawo kutali. Chubu chikalembedwa kuti paintable, lonjezo lake ndi lakuti penti agwira. Silikulonjeza kuti penti atanuka limodzi ndi chomatiracho. Penti akauma amakhala kakhungu kopyapyala kolimbirapo, ndipo chomatira chapansi chikatanuka iye amang'ambika. Mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa siling'i m'nyumba zambiri mudzaona timing'alu tating'onoting'ono totsatira kamzere, pamene chomatira chili bwinobwino pansi koma penti wasweka pamwamba. Zimachitika kwambiri pa zifukwa ziwiri zimene tonse timazidziwa. Choyamba ndi changu. Mmisiri wa ganyu amene walonjeza kumaliza lero amamata m'mawa n'kupenta asanadye nsima ya masana, acrylic akadali kunyala, ndipo penti wouma msanga pamwamba amakokedwa n'kusweka. Chachiwiri ndi penti wa PVA wotchipa, wodzaza choko, amene wathiridwanso madzi kuti chidebe chimodzi chikwane nyumba yonse. Penti wotere satanuka ngakhale pang'ono. Ndiye a silikoni amati: pamene pakusunthadi, kupenta n'kungodzinamiza. Pentani khoma poyamba, liume, muike tepi ya pepala mbali zonse ziwiri, mumate silikoni wa mtundu woyandikira, woyera, wotuwa, wakuda kapena wofiirira, musalaze, muchotse tepi asanachite khungu. Kamzere kadzaoneka, inde, koma kadzaoneka kowongoka ndi kadala.

Nyengo nayo imalowerera, ndipo imakondera. Silikoni amauma pokoka chinyezi cha mumpweya. Amachita khungu m'mphindi zochepa, kenako amalimba kulowa m'kati mamilimita awiri kapena atatu patsiku. Acrylic amafuna zosiyana ndi zimenezo, mpweya wouma woti umwe madzi ake. Masiku a chiperoni ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre, pamene zovala zimatha masiku pachingwe osauma, acrylic amachedwa kwambiri pomwe silikoni zake zikuyenda. Ndipo womata acrylic panja mu Disembala akusewera ndi mitambo, chifukwa mvula ikabwera asanachite khungu, acrylic amatsetsereka pakhoma ali mkaka.

Pali malo amodzi pamene okonda silikoni amadzipweteka okha, ndipo ndi padenga pomwe amadzitamira. Silikoni wofala, wotsika mtengo, ndi uja amene mukangodula kamlomo ka chubu fungo la viniga limakulasani m'mphuno. Fungolo ndi asidi amene amatuluka pouma. Pa galasi ndi pa matailosi alibe vuto. Pa lata amadya zinki woteteza uja wapamwamba, moti bowo la msomali limene munamata kuti lisadonthe limadzazunguliridwa ndi dzimbiri, chomatira n'kumatuka pamodzi ndi dzimbirilo. Pa simenti ndi pa pulasitala sagwira bwino chifukwa asidi ndi simenti zimadana. Kuseri kwa kalilole amawononga siliva. Malo onsewa amafuna silikoni wolembedwa kuti neutral cure, amene alibe fungo la viniga ndipo mtengo wake ndi wokwererapo. Ndiye ngati womata uja anamata silikoni wa viniga pakati pa felemu yachitsulo ndi pulasitala, analakwa kawiri: wopenta sangapentepo, ndipo chomatiracho sichinali cha pamenepo ngakhale pakanapanda wopenta. Denga limene linamatidwapo phula kale ndi nkhani inanso. Silikoni sagwira pa phula, ndipo phula limatulukira chikasu kapena kufiirira pa penti woyera. Lata likakhala ndi phula, pitirizani ndi zomatira za phula kapena palani mpaka chitsulo chioneke.

Nanga ngati silikoni wamatidwa kale, khoma likudikira penti, bwana akufuna makiyi Loweruka? Njira zachidule zilipo, ndipo amisiri amauzana. Ena amapukuta ndi thinazi, zimene zimachotsa litsiro koma silikoni amakhala yemweyo. Ena amapaka pulaimala wa shellac, wouma msanga kwambiri, amene amaumira pamwamba asanapeze mpata wothawa, kenako n'kupenta. Ena amamata acrylic pamwamba pa silikoni, kamzere kotambalala kuposa kapansi kuti kagwire khoma mbali zonse ziwiri. Njira ziwiri zomalizazi zimagwira ntchito pa diso, ndipo pa ngodya ya siling'i, pamene palibe chala chofikapo, zingakhale nthawi ndithu. Koma zonse ndi chikhungwa chongokhala pamwamba, chosagwirana ndi zapansi. Pa windo limene limatsegulidwa ndi kumenyetsedwa, kapena m'munsi mwa khoma mmene mopu imagunda m'mawa uliwonse, chimasweka. Mmisiri amene wasankha njira yachidule azimuuza mwini nyumba kuti ndi yachidule. Wofuna ntchito yokhalitsa alipire tsiku lodula ndi kupala, ndipo kunena chilungamo, ndalama ya tsiku limenelo iyenera kuchoka kwa amene anamata pamalo polakwika.

Pakati pa magulu awiriwa pali machubu ena amene ambiri amawadutsa chifukwa cha mtengo. Polyurethane, amene amisiri ambiri amamudziwa ndi dzina la Sikaflex, la kampani ya Sika imene inayamba ku Switzerland mu 1910, amagwira mwamphamvu pa simenti, pa njerwa, pa chitsulo ndi pa thabwa, amatanuka, ndipo amalola penti. Ndi womata kwambiri m'manja, sachoka ndi madzi, ndipo woyera amatha kuchita chikasu padzuwa akasiyidwa wosapenta. Palinso amene amalembedwa kuti hybrid kapena MS polymer, luso limene kampani ya Kaneka ya ku Japan inatulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Amenewa amapirira dzuwa, amagwira ngakhale pamalo a chinyezi pang'ono, ndipo penti wamadzi amawagwira. Chenjezo lake lili pa penti wamafuta. Gilosi pa zomatira zimenezi nthawi zina amachedwa kuuma, n'kukhala nyatanyata masiku ambiri akutola fumbi, choncho wanzeru amayamba wayesa pa kachidutswa ka thabwa. Pa mpata wa panja pakati pa felemu ya aluminiyamu ndi pulasitala, pamene pamafika mvula, dzuwa ndi bulashi zonse zitatu, ine ndingagule chimodzi mwa ziwirizi ngakhale thumba lilire. Mawindo a nyumba wamba safuna machubu ambiri. Chubu cha mamililita 300 pa kamzere ka mamilimita 6 m'lifupi ndi 6 kuya chimayenda mamita pafupifupi 8.

Wina anganene kuti machubu amenewa athetsa mkangano, koma ayi. Penti pamwamba pa polyurethane amang'ambikabe ngati mpata ukusuntha kwambiri, kungoti madzi salowa chifukwa chomatira chapansi chilipobe. Ndipo pali chisokonezo china pa shelefu: machubu olembedwa kuti siliconised acrylic. Amenewa ndi acrylic wothiridwa silikoni pang'ono, amapenteka, koma si a m'shawa. Wogulitsa akangoti "ndi silikoni yemweyo, bwana," tembenuzani chubu muwerenge kumbuyo. Chimene chikunena kuti zida muzitsuka ndi madzi ndi acrylic, kaya kutsogolo kwalembedwa chiyani.

Ndisaiwale gulu lachitatu, limene limaseka onse awiri. Abilidala ambiri amati machubu ndi zowonongera ndalama: kasimenti ndi kamchenga kosefa, kapena Polyfilla, basi. Pa bowo la msomali, pa pulasitala wogumuka, pa kamng'alu kamene kanang'ambika kamodzi pulasitala akuuma n'kuima, akunena zoona, ndipo pamenepo acrylic ndi amene angakhale wolakwika chifukwa sakwecheka kuti asalale ndi khoma. Koma simenti ndi Polyfilla zimauma gwa. Pakati pa thabwa ndi khoma zimathothoka chilimwe choyamba. Ndiye pali ming'alu ya nyumba zomangidwa pa dothi la makande, lija lakuda la m'madambo limene limafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe. Mng'alu wotere umatsika mopingasa kuchokera pa ngodya ya windo, umatseguka mu Okutobala n'kutsekeka mu Febuluwale. Simenti amasweka chaka chilichonse. Chomatira chotanuka chingatseke mphepo ndi nyerere, koma vuto lili pa maziko ndi pa madzi a padenga amene akugwera m'tsinde mwa khoma, ndipo palibe chubu chimene chimafika kumeneko. Mng'alu umene ukukulirakulira chaka ndi chaka ukufuna injiniya.

Zomatira zambiri zimene zimalephera, kaya ndi za wopenta kaya za pulambala, zimalepherera pa dzanja. Mpata wafumbi sugwira chilichonse, ndipo pulasitala watsopano amafunika masabata anayi kuti akhwime asanalandire penti kapena chomatira. Mpata wakuya suyenera kudzazidwa mpaka pansi. Mumayamba mwalowetsamo kachingwe ka siponji, chomatira n'kukhala pamwamba, ndipo pa mpata waukulu kuya kwake kukhale pafupifupi theka la m'lifupi, kuti chigwire mbali ziwiri zokha n'kumatanuka pakati. Chikagwiranso pansi chimang'ambika msanga. Madzi a sopo amene ambiri amaviikamo chala posalaza amathandiza, koma akachuluka n'kulowa pansi pa m'mphepete mwa kamzere, pamenepo sipagwiranso. Ndiye pali tsiku lolembedwa pa chubu. Zomatira zambiri zimachokera kunja, zimayenda ulendo wautali, n'kukhalanso pa shelefu ya hadiweya yotentha. Silikoni wopitirira nthawi yake amatuluka bwinobwino m'mfuti, koma sauma. Mumadikira tsiku, masiku atatu, sabata, ali phalaphala, ndipo kuchotsa silikoni wosauma n'kowawa kuposa kuchotsa wouma. Finyirani pang'ono pa katoni madzulo, m'mawa mugwirepo, musanayambe bafa lonse.

Malo amene amisiri awiri aja amalimbiranabe, ngakhale atagwirizana zina zonse, ndi mzere wa pamwamba pa matailosi, pamene matailosi athera ndipo khoma lopenta layambira. Pulambala amati ndi kubafa, choncho ndi kwake. Wopenta amati theka la mzerewo lagona pa khoma lake. Ine ndimayang'ana pamene madzi amafika. M'shawa imene matailosi akwera kupitirira mutu wa munthu, pamwamba pake pamangofika nthunzi, ndipo acrylic wopentedwa ndi penti wopukutika amakwanira. Kuseri kwa sinki, pamene pali mizere iwiri yokha ya matailosi ndipo madzi otsukira mbale amathovukira tsiku lonse, wopenta ayambe ndiye, penti aume masiku angapo, kenako pabwere silikoni wa neutral cure woletsa nkhungu, kamzere kopyapyala kodulidwa ndi tepi. Wodzapentanso khitchiniyo adzaika tepi yake m'mphepete mwa kamzereko n'kulekeza bulashi pomwepo.